Za Umoyo M'banja: Musafulumire Kuzulitsa Dzino

Dzino likatigoneka maso usiku timathamangira kukalizulitsa. Komatu dzino la munthu wamkulu silimeranso.

M'kati mwa muzu wa dzino muli kanjira kopyapyala modutsa mitsempha. Kuwola kukafika m'menemo, ululu umakula ndipo mafinya amatha kusonkhana kunsonga kwa muzu. Dotolo amabaya jekeseni wochititsa dzanzi, n'kuboola dzinolo pamwamba. Kenaka amalowetsa tizitsulo tonga singano, tokhakhala ngati tupa, kuyambira kakang'ono kufikira kokulirapo. Motero amapala zowola ndi kukuza kanjirako, akutsuka ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo pomaliza amatsekamo ndi mphira. Dzino lotafunira limakhala ndi tinjira titatu kapena tinayi, n'chifukwa chake ntchitoyi imafuna nthawi.

Inu a ku Northrise, sukulu ya udotolo ya Copperbelt University, imene inatsegulidwa mu 2011 komweko ku Ndola, imaphunzitsanso madotolo a mano. Musanavomere kuzulitsa, funsani ngati dzinolo lingapulumuke. Ndipo ululu ukaleka pa ulendo woyamba, bwereraniko ndithu pa tsiku limene akuuzani, chifukwa dzino losamalizidwa limawolanso kapena kusweka.