Laputopu ikakana kuyaka, yambani mwapulumutsa kaundula, kufomata kubwere pambuyo

Patsamba lino tinazolowera kukamba za mitengo ya chimanga, soya, simenti ndi malata. Sabata ino tikambeko za katundu amene simungamupeze pamsika uliwonse akatayika, ndiye kaundula wa bizinesi yanu. Masiku ano ogulitsa feteleza ndi mbewu, eni mashopu a zipangizo zomangira, ojambula zithunzi pamaukwati, a fotokope, ngakhale alembi a banki nkhonde, ambiri amasunga zonse mu laputopu imodzi. Mayina a amene anatenga katundu pangongole, makoteshoni, malisiti, mitengo imene munaodera katundu chaka chatha, zonse zili mmenemo.

Ndiye limabwera tsiku lina m'mawa, mwayatsa laputopu, pasikirini pakubwera mawu akuti "Preparing Automatic Repair", kenako "Diagnosing your PC". Mukadikira, ikukuuzani kuti yalephera kudzikonza. Muyatsanso, yabwerera pomwepo. Imangozungulira chonchi mpaka dzuwa kukwera, makasitomala ali pakhomo, inu simukudziwa kuti uyu anatsala ndi ngongole ya ndalama zingati.

Maganizo anga pankhaniyi ndi awa. Chizolowezi chathu chothamangira kwa okonza makompyuta ndi kuvomera mawu oti "bwana, iyi ikufunika kufomata" chikutayitsa amalonda chuma chambiri kuposa mtengo wa laputopuyo. Pali ntchito ziwiri zosiyana: kupulumutsa mafayilo, ndi kukonza Windows. Yoyamba iyenera kutha kaye, inu mwaona ndi maso anu kuti yatheka, yachiwiri isanayambike.

Timvetsetsane kaye chimene chimakhala chachitika. Windows ikalephera kuyaka kawiri motsatizana, imatsegula yokha malo ake okonzera, amene ali m'kachigawo kapadera ka disiki. Imayesa kukonza, ikalephera imayatsanso, n'kulepheranso. Zoyambitsa zake zambiri n'zodziwika. Magetsi azima laputopu ili mkati moika update, batire linafa kalekale moti imadalira chaja basi. Kapena mnyamata wa pashopu watopa kudikira, wadina batani lozimitsira pomwe sikirini ikuchenjeza kuti asazimitse. Nthawi zina ndi update yeniyeniyo imene yabwera ndi vuto, kapena pulogalamu yoyendetsa chipangizo china. Pazonsezi chimene chawonongeka ndi mafayilo a Windows oyatsira kompyuta. Kaundula wanu wa Excel amakhala ali bwinobwino m'foda yake. Zili ngati kiyi wathyokera m'loko wa shopu: katundu ali mkati, ndipo palibe wanzeru amene angagwetse shopu yonse chifukwa cha loko.

Dziko lonse linaphunzira zimenezi pa 19 July 2024, pamene kampani ya CrowdStrike inatumiza update yolakwika ya pulogalamu yake yoteteza makompyuta. Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala m'mayiko ambiri zinasokonezeka, makompyuta akungozima n'kuyaka. Mankhwala ake anali kulowa mu Safe Mode n'kufufuta fayilo imodzi yolakwikayo. Kompyuta imene inkaoneka ngati yaferatu inkadzuka zonse zili mommo.

Nanga n'chifukwa chiyani amisiri ambiri amathamangira kufomata? Sindikuti ndi mbuli kapena akuba. Ndi masamu a bizinesi, ndipo inu amalonda mukuwadziwa bwino. Kuika Windows yatsopano ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, yodziwika mapeto ake, ndipo kasitomala amachoka akumwetulira poona laputopu ikuyaka. Kufufuza chimene chavuta, kukopera mafayilo, kuyesa njira iyi ndi iyo, kungadye tsiku lonse, pomwe kasitomala yemweyo akufuna kulipira mtengo umodzimodzi, akunenereranso. Tikamakana kulipira nthawi ya mmisiri, tisadabwe akasankha njira yachidule. Vuto ndi loti misozi imabwera madzulo, mwafika kunyumba, mwatsegula Documents n'kupeza muli mbee.

Tsono njira zopulumutsira mafayilo zilipo, ndipo yoyamba mungaichite nokha muli pashopu panu. Pasikirini ya buluu ija pamakhala batani lakuti "Advanced options". Dinani pamenepo, kenako "Troubleshoot", kenakonso "Advanced options", n'kusankha "Command Prompt". Pabwera kawindo kakuda. Musachite mantha, lembani mawu amodzi okha, notepad, n'kudina Enter. Notepad ikatseguka pitani pa File, kenako Open. Kawindo kamene kabwerako kamakuonetsani madisiki onse a mu kompyuta, pamodzi ndi fulashi imene mwalumikiza. Pansi pake sinthani kuti kaonetse "All Files", apo ayi muzingoona mafayilo ochepa n'kuyamba kulira msanga. Lowani mu Users, kenako foda ya dzina lanu, ndipo mupeza Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures. Koperani foda imodziimodzi kupita mu fulashi. Dziwani zinthu ziwiri: disiki imene munaizolowera kuti ndi C mwina ioneka ngati D kapena E, ndipo pokopera simuona kamzere kosonyeza pamene ntchito yafika. Laputopu imaoneka ngati yauma. Isiyeni, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yachiwiri imafuna kompyuta ina ndi fulashi yopanda kanthu ya 8 GB kapena kuposa. Mumaikamo Ubuntu, imene ndi yaulere, n'kuyatsira laputopu yodwalayo kuchokera pa fulashiyo. Musankhe "Try Ubuntu", osati "Install", chifukwa yachiwiriyo ikhoza kufufuta zonse zimene mukufuna kupulumutsa. Ikayaka mumaona mafoda anu ngati mwa masiku onse n'kuwakopera pa disiki ina. Yachitatu ndi ya mmisiri: kutsegula laputopu, kutulutsa disiki, kuiika m'kabokosi kolumikizira pa USB n'kuiwerengera pa kompyuta ina. Izi sizitheka pa timalaputopu tina totchipa timene disiki yake inawotchereredwa pa bolodi, koma pa ambiri a HP, Dell ndi Lenovo amene ali m'mashopu a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito zimatheka.

Apa pali msampha umene umakola amalonda makamaka. Mmisiri akanena kuti "ndakopera zonse", kawirikawiri amatanthauza Desktop ndi Documents. Koma mapulogalamu owerengetsera ndalama sasunga mmenemo nthawi zonse. QuickBooks ya pakompyuta, mwachitsanzo, imakonda kusunga fayilo ya kampani mu foda ya Public, pansi pa Users, osati mu foda ya dzina lanu. Mapulogalamu ena a patilu amasunga zawo mu foda yawoyawo pa C penipeni. Malisiti amene ogulitsa anakutumizirani pa WhatsApp kapena pa imelo amakhala ali mu Downloads, foda imene ambiri amaiyesa dzala. Choncho muuzeni mmisiri mapulogalamu onse amene mumagwiritsa ntchito pabizinesi, ndipo musanamulole kupitirira, tengani fulashiyo, ilumikizeni pa kompyuta ina, tsegulani kaundula wa ngongole muone ngati mzere womaliza umene munalemba ulimo. Kuona dzina la fayilo sikokwanira, itseguleni.

Fulashi nayonso isakhale yotola. Pamsika pali mafulashi achinyengo olembedwa 64 GB kapena 128 GB pomwe mkati mwake malo ndi ochepa kwambiri. Amalandira mafayilo onse osadandaula, koma pokatsegula n'kupeza ambiri awonongeka. Mukaona fulashi yaikulu ikugulitsidwa pamtengo wa yaing'ono, ipitirireni.

Pali nthawi imene vuto limakhala disiki yeniyeniyo, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri. Laputopu zakale zili ndi hard disk yokhala ndi timbale tozungulira mkati. Ngati inagwapo, kapena mukumva kaphokoso kogogoda mobwerezabwereza, kapena masabata apitawa inkachedwa modabwitsa potsegula mafoda, izimitseni. Kuyatsa kulikonse kukuifupikitsira moyo. Ambiri amalangiza kulemba lamulo la chkdsk mu kawindo kakuda kaja, ndipo pa disiki yabwino limathandizadi, koma pa disiki imene ikufa limaikakamiza kuwerenga malo onse kwa maola ambiri, mwina n'kuimaliziratu. Pa disiki yotere yambani kukopera timafayilo ting'onoting'ono tofunika kwambiri. Mafilimu ndi nyimbo zibwere kumapeto, ngati disikiyo ikhale ikadapuma.

Chopinga china ndi BitLocker, loko amene Windows imaika pa disiki kuti wakuba asawerenge za mkati. Laputopu zambiri zatsopano zimadzitsekera zokha mukangolowa ndi akaunti ya Microsoft, mwini wake osadziwa n'komwe. Tsiku la vuto imakufunsani kiyi wa manambala 48. Popanda kiyiyo, njira zitatu zija sizigwira, ndipo palibe mmisiri wa ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amene angathyole lokoyo. Kiyiyo nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inagwiritsidwa ntchito pa laputopuyo, ndipo mungaione pa foni polowa pa account.microsoft.com/devices/recoverykey. Ndiye funso n'lakuti, akauntiyo ndi ya ndani? Ambiri anatsegulirridwa ndi wogulitsa tsiku logula, ndipo sadziwa imelo kapena pasiwedi yake. Ngati laputopu yanu ikuyaka bwino lero, fufuzani zimenezi lero lomwe, lembani manambalawo m'buku limene mumasunga kunyumba.

Mafayilo akakhala m'manja, tsopano mtima ukhale pansi, yesani kukonza. Chotsani chilichonse cholumikizidwa pa laputopu, pulinta, fulashi, modemu, muyatsenso. Zikakanika bwererani pa "Advanced options" musankhe "Uninstall Updates" kuti muchotse update yomaliza. Palinso "System Restore", imene imabwezera Windows momwe inalili masiku angapo apitawo osakhudza zolemba zanu, ngati inali yotsegulidwa. Pa "Startup Settings" mukadina 4 mumalowa mu Safe Mode, momwe mungachotse pulogalamu imene munaika komaliza. Mmisiri wodziwa ntchito amawerenganso fayilo yotchedwa SrtTrail.txt, momwe Windows imalemba chimene yapeza poyesa kudzikonza. Mufunseni ngati waiona, yankho lake likuuzani zambiri za iye. Zonsezi zikalephera pali "Reset this PC" ndi chisankho cha "Keep my files", chimene chimasiya zolemba koma chimachotsa mapulogalamu onse amene munaika. Kufomata kuli kumapeto kwenikweni kwa mzerewu.

Kwa amene afomatiridwa kale, chiyembekezo chilipo pang'ono ngati disiki ndi yamtundu wakale uja. Lekani kuigwiritsa ntchito nthawi yomweyo, chifukwa chilichonse chatsopano chimene mukusunga chikulembedwa pamwamba pa zakale. Mapulogalamu monga PhotoRec ndi Recuva amatha kutola zina, koma aziyendetsedwa disikiyo italumikizidwa pa kompyuta ina, ndipo PhotoRec imabweza mafayilo opanda mayina awo akale, moti mudzakhala masiku mukutsegula imodziimodzi. Ngati ndi SSD, mwayi ndi wochepa kwambiri, chifukwa iyo imayeretsa yokha malo amene afufutidwa.

Tibwere ku nkhani ya mtengo, poti tsamba lino ndi la mitengo. Mukafika kwa mmisiri funsani mitengo iwiri: wa kukopera mafayilo, ndi wa kukonza Windows. Gwirizanani kuti wa kukoperawo mulipira mukatsegula mafayilo n'kuwaona, ndipo pamenepo musanenerere kwambiri, chifukwa ndi ntchito imene ikukupulumutsirani mpamba. Ena adzati izi zikukweza mtengo wa ntchito imene kale inali yotchipa. Zoona, koma werengani ngongole zimene zili mu kaundulayo, muganizire kuti ndi angati mwa okungongolaniwo amene angabwere okha kudzakukumbutsani. Ngati n'kotheka khalani pomwepo pamene akukopera, ndipo mafayilo apite mu fulashi yanu, osati mu kompyuta ya pashopupo, poti muli zithunzi za ziphaso, masitetimenti a kubanki ndi manambala a makasitomala. Akakusinthirani disiki, yakaleyo itengeni, ndi yanu.

Zosunga kawiri sindichulukitsa mawu. Kaundula wa Excel wa chaka chonse ndi wochepa kuposa kavidiyo kamodzi ka pa WhatsApp. Akaunti ya Google imapereka malo aulere a 15 GB, ya Microsoft 5 GB. Loweruka potseka shopu, mukamawerenga ndalama za sabata, dzitumizireni fayiloyo pa imelo.

Ndipo kwa amene mukuganiza zogula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna makina atsopanoko, pa Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Laputopu yakale kuposa pamenepo isagulidwe pamtengo wa yatsopano. Muli m'shopumo, muuzeni wogulitsa azule chaja laputopu ili chiyakire, mudikire mphindi khumi ndi zisanu mukuyang'ana mmene batire likutsikira. Ikazima nthawi yomweyo, onjezerani mtengo wa batire latsopano pamasamu anu musanayambe kunenerera.