Apolisi Akalanda Foni ya Mtolankhani Amakhala Akufuna Yani?

Pa 5 Epulo 2022 apolisi ku Blantyre adatenga mtolankhani Gregory Gondwe wa bungwe la Platform for Investigative Journalism, namulanda foni ndi kompyuta. Mlandu wake udali wotulutsa pa intaneti chikalata cha mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo chokhudza ndalama zolipira kampani ya Zuneth Sattar, wamalonda yemwe ankafufuzidwa pa nkhani za katangale. Funso lalikulu lomwe adamupanikiza nalo silidali loti kodi nkhaniyo ndi yoona kapena yabodza ayi. Iwo ankafuna dzina la munthu amene adamupatsa chikalatacho.

Abale anga, munthu amene ankafunidwayo ndi mmodzi wa ife ogwira ntchito m'boma. Zikalata zotere sizigwa kuchokera kumwamba ngati matalala. Zimadutsa m'manja mwa kalaliki, mlembi, wowerengera ndalama ngakhalenso mesenjala, anthu amene malipiro awo amatha mwezi usadafike pakati koma tsiku ndi tsiku amanyamula mafayilo a mamiliyoni. Wina mwa iwo mtima ukamuwawa, kodi apite kuti? Kwa bwana amene wasayinira yemweyo? N'chifukwa chake amathamangira kwa mtolankhani, ali ndi chikhulupiriro choti dzina lake silituluka. Tsono foni ya mtolankhaniyo ikagona ku polisi usiku umodzi wokha, m'maofesi monse anthu amatseka pakamwa, ndipo olanda foniwo amadziwa bwino zimenezi.

Kale kukhaulitsa nyuzipepala kudali kosavuta. M'chaka cha 2010 boma la Bingu wa Mutharika lidasiya kutsatsa malonda ake mu nyuzipepala ya The Nation kuti ife ndi njala. Koma nyuzipepala ya pa intaneti ilibe makina osindikizira, ilibe galimoto zogawa, ndipo siidalira kwenikweni malonda a boma. Chotsala n'kugwira munthu weniweniyo ndi zipangizo zake. Chida chidapezeka kale: lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016, lomwe tinkaliyesa lothana ndi akuba a pa intaneti. Mu Epulo 2024 mtolankhani Macmillan Mhone adamangidwa chifukwa cha nkhani yomwe idatuluka pa Malawi24 miyezi yambiri m'mbuyomo, ndipo wina mwa milandu yake udachokera m'lamulo lomweli. Lamuloli lidadza DPP ikulamula, koma a Tonse, omwe ankalira ufulu ali kotsutsa, atalowa m'boma adaligwiritsa ntchito mosachita nalo manyazi. Chikwapu sichisankha dzanja.

Ena amati nyuzipepala za pa intaneti zimalemba mabodza, zimanyoza anthu, zina n'zogulidwa ndi andale. Inde zilipo zotero, ndipo zina ndikaziwerenga ndimachita nseru. Koma wonamiziridwa ali ndi khoti, akasume alipidwe. Mu Julaye 2025 khoti lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Nanga pa nkhani ya Gondwe ndani adaima poyera kunena kuti chikalata chija n'chopeka? Mlangizi wa bomayo, Thabo Chakaka Nyirenda, adachita kupepesa.

Kupepesako sikudathetse kanthu. Patangopita masiku ochepa, tsamba la bungwe la Gondwe lidasokonezedwa ndi anthu osadziwika. Kumayambiriro kwa 2024 iye adabisala poopa moyo wake atalemba za ndalama zomwe gulu lankhondo linkalipira makampani okhudzana ndi Sattar yemweyo. Zonsezi zidachitika gawo 36 la malamulo aakulu a mu 1994 likunena kuti atolankhani ali ndi ufulu wofalitsa nkhani, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zikalata za boma litayamba kale kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Chikalata chija Amalawi adayenera kuchipeza pongochipempha pa kauntala.