AMENE AKUFUNADI MWANA WATHU ADIKIRE, NDIPO IFE TIDIKIRE NAYE

 Lero ndalemba zambiri, pepani, koma muwerenge mpaka kumapeto chifukwa nkhaniyi ikukhudza ana.

Pali mabanja ochokera kunja amene amabwera kuno kudzatenga mwana wamasiye kuti akhale wawo mwalamulo, zija timati adoption. Amafika atalongedza zovala za milungu iwiri, koma amatha miyezi ali mu Blantyre muno, akulipira lendi, akuyenda pakati pa ofesi ya Social Welfare, kwa loya ndi ku High Court. Ndiye ndimamva ena akudandaula kuti boma likuzunza anthu ofuna kuthandiza, bwanji osangowapatsa mwanayo azipita. Ine ndikuti ayi. Kudikirako ndiko kumateteza mwana, ndipo munthu amene sangathe kudikira sitiyenera kumupatsa mwana wathu.

Lamulo lathu la adoption ndi lakale, la mu 1949, nthawi ya atsamunda. Limati wotenga mwana akhale munthu wokhala m'Malawi. Mukukumbukira mmene nkhaniyi inavutira ndi woyimba uja Madonna. Mu Okutobala 2006 anapatsidwa chilolezo chongoyembekezera chotenga David ku Home of Hope ku Mchinji, n'kupita naye ku London, ndipo Justice Andrew Nyirenda anamaliza nkhaniyo mu Meyi 2008. Mu Epulo 2009 Justice Esme Chombo anamukaniza kutenga Mercy wa ku Kondanani ku Bvumbwe, chifukwa sanali wokhala m'dziko muno. Mu Juni chaka chomwecho khothi la Supreme, lotsogozedwa ndi Chief Justice Lovemore Munlo, linasintha chigamulocho n'kumulola. Mu 2017 anatenganso mapasa, ndipo chaka chomwecho Mercy James Centre inatsegulidwa pa Queens. Ana ambiri achitidwa opareshoni pamenepo, sitingakane. Koma nkhawa ya Mayi Chombo inali yakuti khomo likatseguka kwambiri, mawa adzalowerapo ozembetsa ana. Nkhawa imeneyo sinathe ayi.

Tsono miyezi yodikirayo imagwira ntchito yanji?

Choyamba, imapereka mpata wofufuza abale. Ana ambiri amene timawatchula amasiye ali ndi bambo, agogo kapena malume amoyo. Anawasiya ku orphanage chifukwa mayi anamwalira pobereka ndipo mkaka wa m'chitini ndi wodula. David yemweyo bambo ake anali moyo, ndipo nyuzipepala zinalemba mu 2006 kuti poyamba sanamvetse kuti mwana akupita mpaka kalekale, ngakhale pambuyo pake anavomereza. Abale anga, ife tikamati "akamulere", timatanthauza kuti akakula adzabwera kudzaona manda a mayi ake. Koma khothi likasayina adoption, makolo obereka mphamvu zawo pa mwanayo zimatheratu. Sakhalanso wanu pamaso pa lamulo. Gogo wa ku Sigerege amene sadziwa kuwerenga ayenera kuuzidwa zimenezi m'Chichewa, kangapo, asanadinde chala.

Chachiwiri, imaonetsa mtima wa wodzatengayo. Pa ulendo wa masiku atatu aliyense amaoneka mngelo, amajambulitsa zithunzi atanyamula mwana. Koma mwana akadwala malungo pakati pa usiku, magetsi atathima, madzi osatuluka pampopi, pamenepo m'pamene timaona ngati munthuyu ndi kholo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dziko la Ethiopia linatumiza ana ambiri kunja, koma mu 2018 linatseka khomolo, nkhani za nkhanza ndi chinyengo zitachuluka, kuphatikizapo ya mtsikana wa kumeneko amene anafera m'manja mwa omulera ku America mu 2011. Ife tisadikire maliro kuti tiphunzire.

Chachitatu, mwana amazolowera pang'onopang'ono, ndipo makolo atsopanowo amadziwa kumene mwana wawo wachokera. Ndikupatseni umboni. Banja lina lakunja linkapemphera nafe pa nthawi imene linkadikira khothi. Mayiyo tsiku lina analira pamaso pa amayi a mpingo, akuti ndalama zikutha, ana awo ena anawasiya kwawo, ndipo tsiku la khothi lasinthidwanso. Amayiwo sanamuuze kuti tikupezerani njira yachidule. Anamutenga kupita naye kumsika wa Chilomoni, anamuphunzitsa kubereka mwana ndi chitenje, kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndi kunena kuti "tonthola mwana wanga". Bamboyo anapita mpaka kumudzi kukakhala pamphasa ndi agogo a mwanayo. Pochoka muno ankadziwa mudzi, mfumu ndi chiwongo cha mwana wawo. Mwana ameneyo akadzafunsa kuti ndine yani, yankho lilipo. Ulemerero kwa Mulungu!

Sindikunena kuti kuchedwa kulikonse n'kwabwino. Fayilo ikangogona pa desiki chifukwa cha ulesi, kapena chifukwa wina akudikira kangachepe, amene akuvutika ndi mwana, amene akukulira m'chipinda cha ana ambiri popanda womutchula kuti wanga. Ofufuza afufuze mwakhama, tsiku likaikidwa lisungidwe, ndipo banja liuzidwe zoona za nthawi imene lidikire. Zimenezo tizipempha mokweza. Koma mankhwala a ulesi si kuchotsa kafukufuku.

Tsopano ndilankhule ndi azibusa anzanga ndi inu amene muli ndi malo osungira ana. Anthu akunja amatikhulupirira chifukwa tanyamula Baibulo. Akakupemphani kalata yonena kuti mwana alibe wachibale aliyense inu mukudziwa kuti bambo ake ali ku Nthukwa, kanani. Akakulonjezani malata a tchalitchi kapena galimoto kuti mukanyengerere gogo, kanani. Mwana sagulitsidwa. Lamulo la adoption sililola kulandira malipiro chifukwa chopereka mwana, ndipo kuyambira 2015 tili ndi Trafficking in Persons Act. Mudzayankha ku khothi, ndipo mudzayankhanso kwa Mwini ana.

Taonani nkhani ya Mose. Mwana wamkazi wa Farao anali ndi mphamvu zonse zomutenga tsiku lomwelo, koma anamusiya ayamwe kwa mayi ake mpaka atakula, ndipo anawalipira. N'chifukwa chake Mose anakulira kunyumba yachifumu akudziwa anthu a mtundu wake. Ndiponso Estere sanapite kwa alendo, anamulera Moredekai, m'bale wake. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa ana limanenanso kuti kutumiza mwana kunja kukhale njira yomaliza, zina zonse zikakanika. Ndiye funso likubwerera kwa ife: mwana wa mlongo wanu ali ku orphanage pamene inu muli ndi chipinda chosungiramo makatoni? Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Choncho mukaona banja lachilendo likudikira khothi, musalione ngati banki, musalionenso ngati akuba. Liitaneni kunyumba, lidye nsima ya bonya, liphunzire chilankhulo cha mwanayo. Likadandaula za kuchedwa, lipempherereni ndi kulilimbitsa mtima. Koma wina akabwera wothamanga, wofuna mwana sabata ino ndipo ali ndi envelopu m'manja, pitani mukanene ku Social Welfare kapena ku polisi, ku Victim Support Unit.

Tumizirani uthengawu agogo, malume ndi azakhali onse amene akusunga ana amasiye. Ngati sadziwa kuwerenga, awerengereni. Ambuye akudalitseni. Amen.