Ana Athu Akufa Mankhwala Alipo: Madandaulo a Mabanja a Odwala Sickle Cell

Kwa inu atsogoleri a zaumoyo, aphungu athu, madokotala ndi anamwino, mafumu ndi akuluakulu a mipingo ndi mizikiti, komanso inu ofufuza ndi opanga mankhwala,

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife amene tikulemba kalata ino ndife amayi, abambo ndi agogo olera ana odwala sickle cell, pamodzi ndi ochepa amene tinabadwa nawo matendawa ndipo Mulungu watisunga mpaka kukula. Tinadziwana pa benchi la chipatala tikudikira dokotala, ena ku khitchini ya magadiyani tikupalirana moto. Takhala tikudandaulirana tokhatokha kwa zaka zambiri. Lero tati tiyankhule pagulu chifukwa cha nkhani imene yatifika kuchokera kunja.

Mu November 2023 dziko la Britain linavomereza chithandizo chatsopano chotchedwa Casgevy, ndipo pa 8 December chaka chomwecho America inavomerezanso. Madokotala amatenga m'thupi la wodwala maselo amene amabala magazi, n'kukawakonza ku labotale ndi luso la CRISPR, lomwe limadula DNA pamalo pamene munthu wasankha, kenako n'kuwabwezera m'thupi. Luso limeneli ndi lomwe linapatsa Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna mphoto ya Nobel mu 2020. Mayi wina wa ku Mississippi, Victoria Gray, amene analandira chithandizochi mu 2019 chikadayesedwa, wakhala akuuza dziko lonse kuti ululu umene unkamugoneka m'chipatala kuyambira ali khanda unatha. Titamva zimenezi ena a ife tinagwetsa misozi ya chimwemwe, pakuti tinakula tikuuzidwa kuti matendawa sachizika. Kenako tinamva mtengo wake: madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Mwezi womwewo wa November ndalama yathu ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mankhwala amene tinkagula kale movutikira anakwera mtengo m'mafamase.

Amene achira sitikuwachitira kaduka. Ululu wa matendawa timaudziwa, ndipo aliyense amene wapulumuka, kaya ali ku London kaya ku Mississippi, ndi m'bale wathu. Chotiwawa n'chakuti pamene nzeru za anthu zafika pokonza chibadwa cha munthu, ana athu akufabe chifukwa chosowa zinthu zimene zinadziwika zaka 30 kapena 40 zapitazo.

Tikufuna mudziwe usiku wathu mmene umakhalira. Ndi mwezi wa June, chisanu chalowa m'nyumba. Mwana wa zaka 7 anasewera bwinobwino masana, nsima anadya. Pakati pa usiku mukumva kubuula pa mphasa. "Amayi, mafupa." Mukamukhudza mwendo akukuwa, mukamusiya akukuwanso. Mukukoleza mbaula, mukufunditsa madzi, mukumuthowa ndi kansalu, mukumupatsa panado amene mukudziwa kale kuti sakwanira. Maso ake ndi achikasu, milomo yayera, zikhato zayera ngati pepala. Mukugogoda kwa mnyamata wa kabaza, ndipo iye akutchula mtengo wa usiku. Pa msewu wa mabampu dzenje lililonse mwana akulimva m'mafupa. Mukafika kuchipatala kukucha, mawu oyamba amene mukumva ndi akuti, "Mwabweranso?"

Chimene chikuchitika m'thupi mwake si chinsinsi. Maselo ofiira a m'magazi a munthu wabwino ndi ozungulira ndi ofewa, ndipo amakhala masiku pafupifupi 120. A mwana wathu amapindika ngati zenga, amauma, amatsekereza timitsempha ting'onoting'ono, ndipo amafa pasanathe masiku 20. Potsekeka mtsempha ndi pamene pamabuka ululu. Kufa msanga kwa maselo ndi kumene kumamuthera magazi. Kapamba amawonongeka mwana akadali wamng'ono, n'chifukwa chake chibayo kapena malungo amene mnzake angapirire, iye amamutenga tsiku limodzi. Ena amachita sitiroko asanayambe ndi sukulu yomwe. Dokotala James Herrick anafotokoza maselo opindikawa ku Chicago mu 1910, ndipo Linus Pauling ndi anzake anaonetsa mu 1949 kuti vuto lili mu hemoglobin. Matendawa afufuzidwa kwa nthawi yaitali.

Dandaulo lathu loyamba ndi kuchedwa kudziwa. Khanda la sickle cell limabadwa looneka bwino, chifukwa limatetezedwa ndi mtundu wa hemoglobin umene linali nawo m'mimba. Chitetezocho chimayamba kutha pa miyezi pafupifupi 6, ndipo ndi pamene timaona timanja ndi timapazi tikutupa. Ambiri a ife tinauzidwa kuti ndi malungo, kachiwiri malungo, kachitatu kuperewera kwa zakudya. Mmodzi wa ife anaika m'manda ana awiri asanamve n'komwe dzina la matendawa. Analimva pa mwana wachitatu, ndipo atalimva anakhala pansi n'kuwerenga m'mbuyo, n'kuzindikira chimene chinatenga enawo. Ku Britain ndi ku America khanda lililonse limayezedwa likangobadwa, ndipo kumeneko ana oposa 9 mwa 10 alionse odwala matendawa amafika pauchikulire. Kuno kwathu ku Africa akatswiri amayerekeza kuti theka la ana otere, mwinanso kuposa, amamwalira asanakwanitse zaka 5, ambiri osayezedwa. Kutenga kadontho ka magazi pa chidendene cha khanda si kwachilendo m'zipatala zathu, pakuti anamwino amachita kale zimenezi poyeza HIV. Tizipangizo toyezera sickle cell pompopompo tilipo, ndipo sitifuna magetsi. Chikuletsa n'chiyani kuti mayi amve zoona ku sikelo, mwana asanatupe manja?

Dandaulo lachiwiri ndi mankhwala. Mu 1986 kafukufuku wa ku America anaonetsa kuti penicillin womwa tsiku ndi tsiku amachepetsa ndi 84 peresenti matenda oopsa a tizilombo toyambitsa chibayo mwa ana a sickle cell. Mu 1998 America inavomereza hydroxyurea kwa odwala matendawa. Kwa zaka zambiri kunkanenedwa kuti mankhwalawa mwina sangayenere ana a ku Africa chifukwa cha malungo ndi njala. Funso limenelo linayankhidwa. Kafukufuku wa REACH, amene anatsata ana oposa 600 ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda, anatulutsa zotsatira kumapeto kwa 2018: ululu unachepa, kuikidwa magazi kunachepa, malungo anachepa, imfa zinachepa. Ndipo taonani ichi. Hydroxyurea amagwira ntchito pochititsa thupi kupanganso hemoglobin wa ukhanda uja, amene sapindika. Casgevy nayenso cholinga chake ndi chomwecho. Chithandizo cha madola mamiliyoni ndi kapisozi wotchipa uja akugogoda pa khomo limodzi, kusiyana kwake n'kwakuti wina amatsegula kamodzi kokha pamene winayo ayenera kumwedwa tsiku lililonse.

Tsiku lililonse limenelo ndi pamene pagona vuto lathu. Mwana akayamba hydroxyurea timaona ndi maso athu: amanenepa, maso amayera, amatha teremu yonse osajomba kusukulu. Mwezi wina mukupita ndi kabuku ka kuchipatala, mwakhala pamzere kuyambira m'mawa, pa windo akukuuzani kuti, "Atha, mukagule ku famase." Famase yake ili m'tauni, ndipo ndalama ya basi yokha ndi ganyu wa masiku awiri. Timagulitsa nkhuku, timagulitsa chimanga cha m'nkhokwe, timakongola ku banki m'khonde, ena mpaka katapila. Ena amayamba kudumphitsa masiku kuti mankhwala afike kumapeto kwa mwezi. Pakapita milungu ingapo mwana uja wabwerera pa bedi la chipatala, ndipo ndalama zimene boma liwononge pomugoneka, dilipi ndi magazi, zikuposa mtengo wa makapisozi amene anasowa.

Dandaulo lachitatu ndi la ife amene tinakula nawo matendawa. Ululu wathu suoneka. Palibe bala, palibe chotupa, nthawi zina ngakhale thupi silitentha. Tikapempha morphine ena amatiyang'ana ngati anthu ozolowera mankhwala ozunguza bongo. Tikakhala chete amati sitikumva kuwawa, tikakuwa amati tikukokomeza. Tikudziwa kuti namwino mmodzi amayang'anira wodi yodzaza mpaka pansi, ndipo alipo ambiri amene atigwira dzanja usiku wonse ngati abale awo. Amenewo Mulungu awadalitse. Koma munthu amene wakhala ndi matenda zaka 25 amalidziwa thupi lake, ndipo akanena kuti zayamba ayenera kukhulupiriridwa.

Dandaulo lachinayi ndi magazi. Mwana wathu magazi akamuthera, maola ochepa ndi amene amalekanitsa moyo ndi imfa. Ambiri opereka magazi m'dziko muno ndi ana a sukulu, choncho sukulu zikatsekera magazi amasowa, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chimagwera nyengo ya mvula pamene malungo amachuluka. Tamvapo mawu akuti "tikudikira magazi" mpaka dzuwa kulowa, ndipo ena a ife tinabwerera kumudzi ndi mwana kumsana atazizira kale.

Dandaulo lachisanu tikulipereka kwa inu mafumu ndi abale athu. Mwana akamadwaladwala, mudzi umafuna wolakwa. Amati bambo ake anakhwimira bizinesi, amati agogo ake akumutafuna, amati mayi ake ali ndi magazi oipa. Ana athu ali ndi mphini thupi lonse. Maukwati atha, amuna akupita kukakwatira kwina kuti akabereke ana amoyo. Zoona zake n'zakuti mwana amadwala pokhapokha atalandira chibadwa cha matendawa kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo onse awiri akakhala nacho, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana adwale. Chibadwachi sichinabwere ngati temberero. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti wochilandira kwa kholo limodzi lokha amatetezeka ku malungo oopsa. Chinachuluka pakati pathu chifukwa chinapulumutsa makolo athu akale m'dziko la udzudzu, ndipo ana athuwa ndi amene akusenza mtengo wa chitetezo chimene chinasunga mtundu wonse.

Kwa inu ofufuza ndi opanga mankhwala tikunena izi. Chiwerengero chimene chinasindikizidwa mu The Lancet Haematology mu 2023 chikuonetsa kuti mu 2021 ana pafupifupi 515,000 anabadwa ndi sickle cell padziko lonse, ndipo pafupifupi 4 mwa 5 alionse anabadwira mu Africa kum'mwera kwa Sahara. Chithandizo chatsopanochi chimafuna mankhwala amphamvu a khansa oyeretsa m'mafupa, milungu yambiri m'chipinda chapadera, ndi magazi ochuluka. Chinapangidwa moyenera zipatala za kumene odwala ndi ochepa. Tikukupemphani kuti pofufuza njira yotsatira muyambe ndi funso lakuti idzafika bwanji ku chipatala cha pa boma. Kuti mtengo ukhoza kutsika tinaziona kale. Ma ARV ankagulidwa madola oposa 10,000 pa chaka munthu mmodzi, mpaka mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inati iwagulitsa madola 350, ndipo mu 2004 Amalawi anayamba kuwalandira ulere. Anthu amene tinkawakonzera maliro ali moyo lero, akulera zidzukulu.

Malonjezo alipo kale pa mapepala. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Mu August 2022 ku Lomé, m'dziko la Togo, nduna za zaumoyo za Africa zinagwirizana za ndondomeko ya PEN-Plus, yoti matenda aakulu okhalitsa monga sickle cell, shuga wa ana ndi matenda a mtima azithandizidwa m'zipatala za pa boma. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene anayamba njira imeneyi, ku Neno. Chimene chatheka ku Neno, kumapiri kwa msewu wovuta, chikhoza kutheka boma lina lililonse.

Choncho tikupempha kuti khanda lililonse liyezedwe pobadwa kapena pa katemera woyamba. Hydroxyurea, penicillin, folic acid ndi mankhwala oteteza ku malungo azipezeka mwaulere mwezi uliwonse, pafupi ndi kwathu, monga amapezekera ma ARV. Wodwala wofika ndi ululu alandire mankhwala amphamvu msanga, osadikira pamzere. Odwala tonse tilembedwe m'kaundula, chifukwa wosawerengedwa saikiridwa ndalama. Alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe kuzindikira manja otupa a khanda, aphunzitsi alole ana athu kumwa madzi ndi kuvala juzi m'kalasi, ndipo achinyamata ofuna kulowa m'banja athe kuyezetsa n'kulangizidwa popanda kusalidwa.

Mbali yathu tidzachita. Tidzabwera ndi ana ku sikelo, tidzawamwetsa mankhwala mosadumphitsa, tidzawagoneka mu neti, tidzatenga abale athu kukapereka magazi, ndipo tidzaima pa bwalo la mfumu kunena kuti matendawa si ufiti.

Bungwe la United Nations linasankha 19 June kukhala tsiku lokumbukira sickle cell. Kwathu kuno tsikuli limagwera pakati pa chisanu, nyengo imene ana athu amavutika kwambiri. Masana a tsikulo kumakhala zoyankhula ndi zikwangwani, usiku wake ife timakhala maso pafupi ndi mbaula, khutu lili pa mphasa ya mwana. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chithandizo chokonza chibadwa tikuchiyembekezera ndi mtima wonse, ndipo tikufuna kuti tsiku limene chidzafike kuno chidzapeze ana athu ali moyo. Chimene chingawafikitse tsiku limenelo ndi kadontho ka magazi pa chidendene, kapisozi wa m'mawa uliwonse, ndi botolo la magazi lopezeka pa nthawi yake. June wamawa asanafike, tikufuna kupita pa windo lija n'kubwerako mankhwala ali m'manja.

Ndife,
Makolo, agogo ndi odwala sickle cell