Ngongole ya nyumba si mlandu wa polisi

Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso chikwezereni banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, mabanja amene adapereka nyumba zawo ngati chikole kubanki akhala akugona tulo tochepa. Pa nthawi yotere, galimoto ya polisi ikaima pageti popanda chifukwa chomveka, mwininyumba amaganiza kuti tsiku losamutsidwa lakwana. Ena amalongedza katundu usiku womwewo, ena amasainira mapepala osawawerenga. Mantha otere angathe kutayitsa munthu nyumba lamulo lisanamulamule kutero.

Poyamba penipeni, kulephera kubweza ngongole si mlandu wopalamula. Gawo 19 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa kuponya munthu m'ndende chifukwa choti walephera kukwaniritsa zimene adagwirizana ndi mnzake. Gawo 21 limateteza munthu, nyumba ndi katundu wake kuti asachitidwe chipikisheni mwachisawawa. Wapolisi si wotolera ngongole, kaya ya banki kaya ya katapila.

Banki nayo ili ndi njira yake yoikika. Pa malo olembetsedwa pansi pa lamulo la Registered Land Act, gawo 68 limati wongongola akatha mwezi osalipira, banki ingathe kumulembera chidziwitso, ndipo pakatha miyezi itatu asanakonze zinthu m'pamene ili ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo. Gawo 71 limafuna kuti banki igulitse mwachilungamo, poganiziranso zokomera mwininyumba. Mwininyumba akakana kutuluka, nkhani imapita kukhoti, ndipo amene amakwaniritsa chigamulo ndi masherifu atanyamula chikalata cha khoti. Apolisi angathe kuwaperekeza pofuna kusungitsa bata, koma mphamvu yotulutsa munthu ili m'chikalatacho, osati mu yunifolomu.

Nanga apolisi akafika okha, popanda sherifu? Zifukwa zingakhale zingapo. Mwina wina wakadandaula kupolisi, mwina akufufuza nkhani yosakhudzana ndi ngongoleyo, mwinanso wobwereketsa ndalama kapena wofuna kugula nyumbayo akuyesa kuopseza banjalo. Angakhalenso akathyali ovala zachipolisi. Nchifukwa chake funso loyamba liyenera kufunsidwa pageti pomwepo, mwaulemu: mwabwera ndi nkhani yanji, ndipo mwachokera ku polisi iti?

Mwininyumba apemphe kuona chiphaso cha ntchito, alembe maina, tsiku, nthawi ndi nambala ya galimoto. Akamva kuti pali chikalata cha khoti, achiwerenge, aone ngati dzina ndi nambala ya puloti zili zake, kenako akatsimikize ku ofesi ya khotilo. Lamulo limalola apolisi kulowa popanda chikalata pa zochitika zina za upandu, koma ngongole si imodzi mwa izo. Asasainire pepala lililonse lovomera kutuluka kapena kupereka makiyi asanaonane ndi loya, ndipo asapereke ndalama kwa aliyense pageti. Kukacha, apite kwa mkulu wa polisi ya m'deralo kukafunsa ngati ulendowo udalembedwa m'buku la zochitika.

Pomwe pali umboni woti apolisi akugwiritsidwa ntchito poopseza, dandaulo lingapite ku Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Amene sangakwanitse kulipira loya ayambe wagogoda ku Legal Aid Bureau.

Komabe pali mbali ina yowawa imene eninyumba sayenera kuiiwala. Kulimbana ndi apolisi pageti sikuimitsa banki. Gawo 71 lomwe lija limanena kuti nyumba ikagulitsidwa ndi kulembetsedwa m'dzina la wogula, wolakwiridwa amangotsala ndi ufulu wofuna chipepeso cha ndalama kwa amene adagulitsayo. Choncho nthawi yokambirana ndi banki za kalipiridwe katsopano, kapena yopempha chiletso kukhoti, ndi m'miyezi itatu ya chidziwitso ija, osati tsiku la okushoni. Ndipo sherifu akabwera ndi chikalata chenicheni, kumutchingira njira kumangowonjezera mlandu pamwamba pa ngongole.

Udindo suli kwa eninyumba okha. Akuluakulu a polisi aonetsetse kuti wapolisi aliyense wofika pakhomo la munthu akunena chimene wadzera, ndipo mabanki alembe zidziwitso zawo m'chilankhulo chimene wongongola angamve, Chichewa kapena Chitumbuka ngati nkofunika. Banki ili ndi ufulu wolandira ndalama zake, koma iwulondole kudzera m'lamulo ndi m'khoti. Banja limene likudikira kutaya denga lake lisamagonenso likumvetsera ngati galimoto yaima pageti.