Chipangizo Chikakomoka, Kuzula Nthambo Kukhale Komaliza

M'malo ofufuzira zaulimi, masikelo oyezera zokolola ndi makina olemba kuchuluka kwa mvula kawirikawiri amalumikizidwa ku kompyuta kudzera pa USB, njira imene inayamba mu 1996. Chipangizo chotere chikangoti zii, ambiri amathamangira kuzula nthambo kapena kuzimitsa kompyuta yonse. Chizolowezichi n'chowononga: polowetsera nthambo pamakhwepa, ndipo manambala osasungidwa amatayika. Mvula ya tsikulo siidzagwanso kuti iyezedwe kachiwiri.

Njira yofatsa ilipo. Pa Windows, munthu amatsegula Device Manager, naletsa chipangizocho, kenaka n'kuchilolanso. Pa Linux, lamulo la usbreset limagwira ntchito yofananayo. Kompyuta imayambanso kulankhulana nacho, ndipo izi zimatheka ngakhale wokonzayo ali kutali, malinga kompyutayo ikhale pa intaneti.

Komabe njirayi kawirikawiri siidula magetsi, kotero chipangizo chouma khosi chimafunikabe kuzulidwa. Siyeneranso kuyesedwa pa chosungira manambala pamene chikulemba.

Tsono akuluakulu a kafukufuku aphunzitse othandizira awo luso limeneli, pakuti zoyeza za nyengo yathunthu zili m'manja mwa anthu amenewa.