Magazi a Mbona ndi manda a ku Luwani

Mnyamata wina wa ku Luwani m'boma la Neno, amene tinkamuphunzitsa ku sukulu ya ubusa, anatifikira tsiku lina nkhope ili yakugwa. "Abusa," anatero, "azakhali akuti ife ndife a magazi a Mbona, ndipo mwana wanga akudwala chifukwa ndinayamba zaubusa osakapepesa ku Khulubvi." M'mawu akewo munali mantha, koma tinamvamonso kakunyada pang'ono. Pajatu si aliyense amene angasautsidwe ndi mzimu wotchuka chotere.

Nkhani zotere sitiyenera kuziseka. Amang'anja amasimba kuti Mbona, wodziwa kuitana mvula, anaphedwa ndi adani ake amene anamudula mutu, ndipo kachisi wake ku Khulubvi m'boma la Nsanje amalandirabe nsembe. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa Chikatolika, anafufuza mbiriyi zaka zambiri mpaka kulemba buku la River of Blood mu 1992. John Chilembwe anawomberedwa pa 3 February 1915, atsamunda ndi kubisa manda ake, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankanong'onezana kuti sanafe, adzabweranso. Inkosi Gomani Chikuse inaphedwa ndi Angerezi mu 1896, ndipo Angoni a Maseko amasonkhana chaka ndi chaka ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu kuikumbukira.

Taonani, abale, kuti akufa amene mitima ya anthu imakana kuwagoneka ndi awo amene mwazi wawo unakhetsedwa mwankhanza. Baibulo likudziwa zimenezi. Herode atamva za zozizwitsa za Yesu anaganiza kuti Yohane Mbatizi, amene iye anamudula mutu, wauka (Marko 6:14-16). Yohane anali chigonere m'manda mmene ophunzira ake anamuika. Chimene chinkayendayenda m'nyumba ya mfumu usiku chinali chikumbumtima cha Herode mwini. Nthawi zambiri mzukwa ndi mlandu umene amoyo sanauweruze.

Koma kunena kuti wakufa akhoza kulipiritsa mdzukulu wake ndi moyo wa khanda, pamenepo tikukana. Mneneri Ezekieli, m'chaputala 18, akutsutsa mwambi wa Aisraeli wonena za mphesa zosapsa, ndipo akuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake. Yohane yemweyo anachenjeza Afarisi ndi Asaduki kuti asadalire dzina la Abrahamu, popeza Mulungu akhoza kumuukitsira ana kuchokera ku miyala (Mateyu 3:9). Ngati magazi a Abrahamu sapulumutsa munthu, a Mbona sangamumange.

Mnyamata uja tinamupatsa pepala kuti alembe makolo ake, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, mmene akuwadziwira. Kuchimuna anafika pa agogo a bambo ake, cholembera ndi kuima. Pakati pa iwo ndi Mbona panali zaka mazana angapo zopanda dzina ndi limodzi lomwe. Kuchikazi anazengereza, kenaka anaulula chimene sankakonda kutchula pagulu: agogo ake aakazi anachokera ku Tete akuthawa nkhondo, mphika uli pamutu, mayi ake ali kamtsikana kogwira dzanja.

Apa mpamene panali mbiri yake yeniyeni. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, inathamangitsira ku Malawi anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo Luwani unali umodzi mwa misasa imene inawalandira. Msasawu unatsekedwa mu 2007, ndi kutsegulidwanso mu 2016 pamene ena a ku Tete anathawiranso kuno, atayamba afikira pa Kapise ku Mwanza. Ambiri anabwerera kwawo mtendere utadza, koma amene anamwalira ali kuno anatsala m'dothi la Neno. Iwonso anazunzika popanda chifukwa, monga Mbona ndi Chilembwe. Chodabwitsa nchakuti sitinamvepo munthu akudziguguda pachifuwa kuti ndi mdzukulu wawo. Timalumpha gogo amene anatiphikira phala kuti tikagwire dzina la munthu amene sitingathe ngakhale kuwerenga mibadwo yotilekanitsa naye.

Mateyu sanachite manyazi otere polemba mibadwo ya Ambuye wathu. Davide ndi Solomo alimo, inde, komanso Manase, mfumu yoipitsitsa ija, alimo. Ndipo alimo Rute Mmoabu, mkazi wamasiye amene anafika ku Betelehemu ali mlendo, nakhala moyo ndi kukunkha m'minda ya eni dziko. Amene anakhalapo pa mzere wolandira ufa ku Luwani sangafune womumasulira nkhani ya Rute.

Tinapemphera naye mnyamatayo, ndipo tinamuuza kuti mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo. Anamupeza ndi malungo, ndipo anachira. Azakhali aja sanakhutire, ndipo sitinawakakamize. Mantha a zaka makumi asanu ndi awiri sachoka ndi ulaliki umodzi. Pa tchuthi chotsatira mnyamatayo anapita ku Luwani, napempha anyakwawa kuti amulole kulowa kumanda. Mayi ake anafunafuna theka la tsiku asanazindikire mtengo umene anabzala kumutu kwa mtumbira. Analambula udzu, nalemba dzina la agogowo pa kachitsulo, pamodzi ndi dzina la mudzi umene anachokera.